Mukufuna kudzajambula makanema? Fizikisi musaithawe

Chaka chilichonse, ikafika nthawi yosankha maphunziro opitiriza nawo ku Fomu 3, pamakhala kagulu kamene kamatsanzikana ndi Fizikisi ndi mawu amodzimodzi: "Ine ndidzapanga za media, za ma formula sizikundikhudza." Ena akulota zodzaphunzira utolankhani ku MUBAS kapena ku Malawi Institute of Journalism, ena akufuna kudzajambula mavidiyo a oimba, ena angoona kuti wojambula maukwati Loweruka sagona ndi njala. Maloto onsewa ndi abwino ndipo sindikufuna kukupatutsani panjira imeneyo. Chimene ndikukana ndi chifukwa chimene mukuperekacho. Kanema aliyense amene munaonerapo ndi zinthu ziwiri basi, kuwala ndi mawu, zosungidwa ngati manambala. Ndipo kuwala ndi mawu ndi mitu ya m'buku lomwelo limene mukufuna kulisiya pansi pa bedi.

Pali maganizo enanso amene amayendera limodzi ndi amenewa, akuti luso lidzabwera tsiku limene mudzagwire kamera yodula. Ayi ndithu. Mu 2015 munthu wina wa ku America, Sean Baker, anatulutsa filimu yotchedwa Tangerine imene anaijambula ndi mafoni a iPhone 5S, ndipo inaonetsedwa m'nyumba zoonetsera mafilimu. Patapita zaka khumi bambo yemweyo analandira Oscar chifukwa cha filimu ina, Anora. Sindikunena kuti zida zilibe ntchito. Ndikunena kuti zolakwika zambiri zimene ndimaona m'mavidiyo a achinyamata si za kamera. Ndi za pamene wojambula anaima, kumene dzuwa linali, ndi kutalika kwa mtunda kuchokera pakamwa pa wolankhula kufika pa maikolofoni. Zinthu zitatuzi sizigulidwa m'sitolo.

Tiyambe ndi mawu, chifukwa ndi amene amanyozedwa kwambiri. Munthu amatha kupirira chithunzi chosawala bwino mpaka kumapeto, koma mawu akakhala osamveka amatseka vidiyoyo masekondi ochepa asanathe. Taganizani za mavidiyo a kwaya kapena a zokamba za pachinkhoswe amene amakufikani pa WhatsApp. Kangati mwakweza voliyumu mpaka kumapeto koma n'kumangomva mphepo ndi ana akulira?

Chimachitika ndi ichi. Mawu akachoka pakamwa amamwazikira mbali zonse, ngati baluni imene ikufufuma. Mphamvu yake ndi yomweyo, koma ikugawidwa pamalo okulirakulira. Mukatalikira kawiri, mphamvu yofika pa maikolofoni imachepa kanayi. Mukatalikira katatu imachepa ka 9. M'mabuku lamuloli limatchedwa inverse square law, ndipo limagwira bwino ntchito panja pamene palibe makoma. Tsono tiyerekeze kuti mukujambula agogo anu akufotokoza za njala ya 2002, inu mwaima ndi foni pa mamita 2. Mutabwereka foni ina ya mnzanu, kuiyatsa kuti izijambula mawu okha, n'kuiika m'thumba la malaya a agogo pa masentimita 20 kuchokera pakamwa, mtunda wachepa kakhumi. Mphamvu ya mawu awo yachuluka ka 100. Nanga chigayo chimene chikulira kutsidya kwa msewu, pa mamita 200? Chimenecho sichikudziwa n'komwe kuti mwasuntha, chifukwa mamita 2 pa 200 si kanthu. Phokoso latsala pomwe linali, mawu a agogo akwera. Simunagule kalikonse.

M'nyumba nkhani imasinthako pang'ono. Kalasi yathu ya simenti pansi, njerwa m'mbali ndi malata pamwamba ndi malo oipa kwambiri ojambuliramo mawu, chifukwa zinthu zolimba zimabweza mafunde a mawu. Maikolofoni imamva liwu lochokera pakamwa, kenako imamvanso lomwelo litagunda khoma, kenako litagunda denga, zonse zikuthamangitsana mpaka mawu n'kumamveka ngati munthu ali m'chitsime. Zinthu zofewa zimameza mafundewo. N'chifukwa chake kachipinda kogona kokhala ndi matiresi, makatani ndi zovala zopachika kamaposa holo ya sukulu. Mukasowa pogwira, pachikani mabulangete awiri kuseri kwa kamera. Panja mdani ndi mphepo, makamaka m'miyezi ya mwera, ndipo sokosi yoyera bwino yovekedwa kumene kuli maikolofoni imathandizako ndithu, ngakhale anzanu akusekeni.

Mukajambula mawu pa foni ina ndi zithunzi pa ina, mudzafunika kuzigwirizanitsa pa nthawi yoedita. Njira yake ndi yakalekale: musanayambe kufunsa mafunso, munthu aime kutsogolo kwa kamera n'kuwomba m'manja kamodzi mwamphamvu. Kathabwa kakuda kaja kamene mumaona akukamenyetsa asanayambe kujambula filimu ntchito yake ina ndi yomweyi. Mukatsegula CapCut, Shotcut kapena DaVinci Resolve, pansi pa zithunzi mudzaona timizere tokwera ndi kutsika. Tayang'anitsitsani. Imeneyo ndi girafu ija tinajambula pa bolodi, amplitude chokwera, nthawi chopingasa. Kuwomba m'manja kuja kumaoneka ngati kansonga kamodzi katali pa mafayilo onse awiri. Ikani nsonga ziwirizo pamzere umodzi, basi milomo ndi mawu zagwirizana. Girafu yomweyo ikuuzaninso mukalakwitsa. Amene anaima pafupi ndi sipika ya paukwati adzaona kuti nsonga za mafunde zametedwa, pamwamba pakhala pafulati ngati tebulo. Mawu anaposa mlingo umene foni ingathe kusunga, ndipo gawo lometedwalo silinalembedwe paliponse. Mukhoza kutsitsa voliyumu mmene mungathere, kusasa kwake sikuchoka.

Tibwere ku kuwala. Dziko lathu lili pakati pa madigiri 9 ndi 17 kumwera kwa equator, ndiye masana dzuwa limakhala pafupifupi paliwombo, makamaka cha mu Novembala ndi Febuluwale. Kuwala kochokera pamwamba kumasiya mithunzi m'maenje a maso ndi kunsi kwa mphuno, munthu n'kumaoneka ngati wadwala sabata yonse. Kamera nayo ili ndi malire amene diso lathu lilibe kwenikweni: singathe kuona bwino malo owala kwambiri ndi malo amdima pa nthawi imodzi. Imayenera kusankha. Mukamuimika mnzanu kumbuyo kwake kuli thambo loyera kapena zenera, foni imaona kuwala kochulukako n'kuchepetsa zonse, ndipo nkhope ya khungu lakuda ngati lathuli imasanduka mthunzi wokhala ndi mano. Ambiri amati foniyo ndi yachabechabe. Foni ilibe mlandu. Tembenukani, zenera likhale kumbuyo kwa inu kapena chapambali, kuti kuwala kugwere pankhope. Panja, lowani mumthunzi wa mtengo wa mango ndipo kumbuyo kwa munthuyo kukhale masamba kapena khoma, osati thambo. Dinani pankhope yake pa sikirini n'kugwiriza kwa kanthawi. Mafoni ambiri amatseka muyezo wa kuwala pamenepo kuti usamasinthesinthe. Mnzanu wina agwire pepala lalikulu loyera kapena chitenje choyera chapansi pang'ono, libweze kuwala kulowe m'maenje a maso aja. Mutu wa reflection ndi umenewo, ungoti wavala zovala zina.

Kuwala kulinso ndi mtundu, ndipo chodabwitsa n'chakuti ojambula amauyeza mu kelvin, muyezo womwe uja wa kutentha. Chifukwa chake muli nacho kale m'maso mwanu ngati munaonapo chitsulo pamoto wa wosula makasu: chimayamba kufiira, chikatenthetsa chimapita ku chikasu, kenako chimayera. Lawi la kandulo lili cha pa 1900 K, n'chifukwa chake ndi lofiirira. Kuwala kwa masana kuli cha pa 5600 K. Ubongo wanu umakonza zimenezi mwakachetechete, moti malaya oyera a yunifolomu mumawaona oyera kaya ndi pakandulo kaya ndi padzuwa. Kamera imachita kuganizira, ndipo mukasakaniza babu lachikasu ndi kuwala kwa pazenera imasokonezeka, tsaya lina n'kukhala lofiirira lina lobiriwira ngati thambo. Zimitsani chimodzi mwa ziwirizo.

Koma chitsanzo chimene chimandisangalatsa kuposa zonse ndi cha mizere. Munajambulapo usiku m'chipinda cha getsi la chubu kapena mababu otchipa a LED, n'kuona mizere yakuda ikuyenda pa sikirini, kapena chithunzi chikuphethira pamene maso anu sakuona kuphethira kulikonse? Kuti timvetse, tikumbuke kaye kuti kanema sayenda. Ndi zithunzi zoima zoonetsedwa motsatizana mofulumira. Mu 1878 ku Palo Alto, California, Eadweard Muybridge anandandalika makamera 12 m'mbali mwa njira yothamangamo hatchi, ndipo zithunzi zake zinasonyeza kuti pali kamphindi kamene miyendo yonse inayi imakhala m'malere. Zithunzi zoterozo zikaonetsedwa mothamanga, ubongo umaona hatchi ikuthamanga. Mafilimu amagwiritsa ntchito zithunzi 24 pa sekondi. Ma TV a m'mayiko amene magetsi ake ndi a 50 Hz anatenga 25, pamene ku America, kumene magetsi ndi a 60 Hz, anatenga pafupifupi 30. Mafoni ambiri amabwera atatcheredwa pa 30.

Magetsi a ESCOM ndi alternating current ya 50 Hz. Pa kuzungulira kumodzi mphamvu imafika pachimake kawiri, ndiye getsi limawala ndi kuzilala ka 100 pa sekondi. Gawani 100 ndi 25, mupeza 4 ndendende: chithunzi chilichonse chimayamba pamalo ofanana a kuphethirako, ndipo zonse zimawala mofanana. Gawani 100 ndi 30, mupeza 3 ndi kachidutswa. Kachidutswa kameneko ndiye vuto, chifukwa chithunzi china chikulandira kuwala kochuluka, chotsatira kochepa. Mafoni ambiri amayesetsa kukonza okha koma salephera kuphonya, makamaka pa slow motion. Mankhwala ake ndi kutchera foni pa zithunzi 25 pa sekondi ndi shutter pa 1/50 kapena 1/100. Ngati kamera ya foni yanu sikulola, mapulogalamu aulere monga Open Camera kapena Blackmagic Camera amapereka mwayi umenewo pa mafoni amene angakwanitse. Ndipo mukadzapita kukajambula ukwati wa kumudzi woyendera jenereta, yesani kaye musanayambe, chifukwa jenereta yaing'ono sikhazikika pa 50 Hz, imatsika akangolumikiza masipika ndi firiji. Amene sadziwa za hertz adzabwerera kunyumba ndi mizere pankhope ya mkwatibwi, n'kumati mwina wina wawalodza kamera.

Za bandulo ndingonena mwachidule. Chithunzi cha 1080p chili ndi timadontho 1920 kuchulukitsa ndi 1080, kutanthauza 2,073,600. Kadontho kalikonse katatenga mabayiti atatu, chithunzi chimodzi chikhoza kupitirira 6 MB, ndipo mphindi imodzi ya zithunzi 25 pa sekondi ingapitirire 9 GB. Foni imapanikiza zonsezi potaya zimene diso silingazione msanga. WhatsApp imapanikizanso kachiwiri mukatumiza mwachizolowezi. Ndiye potumizirana mafayilo oti mukaedite, gwiritsani ntchito kebulo kapena memory card, kapena atumizeni ngati document. Za 4K zisiyeni kaye. Timadontho take ndi tochuluka kanayi, foni idzatentha, malo adzatha, ndipo oonera anu ambiri adzaonera pa kasikirini ka m'manja.

Ndikudziwa zimene ena a inu mukuyankha mumtima. "Aphunzitsi, alipo ojambula odziwika m'tauni muno amene Fizikisi sanaikhozepo." Zoona, alipo, ndipo ena ndi akatswiri enieni. Koma muwaonetsetse akugwira ntchito: amamusuntha mkwati kumuchotsa pazenera, amamata kamaikolofoni pakolala, amadikira dzuwa lipendeke. Fizikisi akuichita, kungoti anaiphunzira pa mtengo wa maukwati oonongeka ndi makasitomala okwiya kwa zaka zingapo. Inu mukupatsidwa zomwezo m'kalasi, ndi chifukwa chake chomwe, moti mukadzakumana ndi vuto limene simunalionepo mudzatha kuliganizira m'malo moyesa mabatani onse. Mudziwenso kuti njira yochokera ku sayansi kupita ku mafilimu si yachilendo kuno kwathu. Shemu Joyah, amene anapanga Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat, ntchito imene anaiphunzira ndi yoyeza malo.

Ena akuti mafoni a masiku ano ndi mapulogalamu a AI akukonza okha zonse, phokoso akuchotsa, mdima akuwalitsa. Akuyesetsa, sindikana. Koma pamene kuwala sikunafike pa kamera, pulogalamu imachita kupeka zimene ikuganiza kuti zinalipo. Pa vidiyo yovina palibe vuto. Pa ntchito ya mtolankhani, nkhope yopekedwa kapena liwu la agogo losinthidwa mpaka kumveka ngati la loboti ndi nkhani ina.

Pali chinthu chimodzi chimene ndivomereze kuti buku langa silingakupatseni, ndicho kudziwa poti mudule. Kuedita kwenikweni si kuika timaluwa touluka ndi zithunzi zotembenuzika pakati pa mashoti. Zimenezo zimangoonetsa kuti munthu wapeza pulogalamu dzulo. Cha m'ma 1920 ku Moscow, Lev Kuleshov anatenga chithunzi cha nkhope ya katswiri wa zisudzo Ivan Mosjoukine, nkhope yosaonetsa kukondwa kapena kukhumudwa, n'kuchilumikiza ndi zinthu zosiyana. Malinga ndi mmene mnzake Vsevolod Pudovkin anafotokozera pambuyo pake, zinthuzo zinali mbale ya supu, mayi womwalira ali m'bokosi, ndi kamtsikana kakusewera ndi chidole. Oonera anatama mwamunayo kuti akudziwa kuonetsa maganizo akuya, chisoni ndi chimwemwe, chonsecho nkhope inali imodzimodzi. Tanthauzo linabadwira pamalo olumikizirapo. Luso limeneli limabwera poonera mafilimu ndi diso lofunsa ndi podula mavidiyo ambiri. Tengani The Boy Who Harnessed the Wind, ya 2019, imene Chiwetel Ejiofor anaijambulira konkuno ku Kasungu, musankhe mphindi ziwiri, mutseke mawu, n'kuwerenga kuti adula kangati ndipo chifukwa chiyani adulira pamenepo. Kenako tsekani maso mumvere mawu okha. Mudzazindikira kuti nthawi zina mawu a malo otsatira amayamba chithunzi chake chisanafike, kuti akukokereni kumeneko.

Ngakhale pamenepa kuyeza sikuchoka. Mukamajambula mpira mutaima mbali imodzi ya bwalo, timu yofiira ikumenyera kumanja kwa sikirini. Mukawoloka bwalo n'kujambulira mbali inayo, timu yomweyo ikumenyera kumanzere, ndipo mukalumikiza ziwirizo oonera adzaganiza kuti osewera atembenukira golo lawo lomwe. Anthu awiri akamacheza n'chimodzimodzi: jambulani mzere m'maganizo pakati pawo, kamera ikhale mbali imodzi ya mzerewo. Ojambula amati lamulo la madigiri 180.

Zimene anapeza Kuleshov zili ndi mbali yoopsa, ndipo ndikufuna muimve muli aang'ono. Ngati kulumikiza kumapanga tanthauzo, ndiye kuti mungathe kunamizira munthu popanda kunena bodza ngakhale limodzi. Mnzanu waseka nthabwala ina, inu n'kuika kusekako pambuyo pa chithunzi cha wina akugwa, sukulu yonse imuda. Mukadula chiganizo cha munthu pakati, mawu oti "koma" n'kuwataya, mwamuyankhulitsa zimene sananene. Vidiyo ikalowa m'magulu a WhatsApp sibwereranso. Pemphani chilolezo musanajambule munthu, ndipo muonetseni zimene mwadula musanazitumize kwina. Komanso paja sukulu zambiri sizilola mafoni, ndiye zonse ndikunenazi ndi za patchuthi kapena za m'kalabu yokhala ndi mphunzitsi. Musakalandidwe foni n'kumati ndinakutumani ndine.

Patchuthi chikubwerachi yesani ichi, muone kuti pulogalamu yoeditira ndi chida choyezera ngati stopwatch ya mu labu. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, mawu mamita pafupifupi 340 okha, n'chifukwa chake mphezi imaoneka bingu lisanamveke. Pitani pabwalo la mpira ndi mnzanu atanyamula matabwa awiri. Choyamba awamenyetse ali pafupi ndi foni, kuti muone ngati foni yanuyo payokha imachedwetsa mawu. Mukapeza kusiyana, mudzakuchotsere pa zotsatira. Kenako yezani mamita 100 ndi chingwe, iye akaime kumeneko, akweze matabwawo m'mwamba n'kuwamenyetsa kasanu, akupumira pakati. Pa kompyuta kapena pa foni pomwepo, pezani chithunzi chimene matabwa akhudzana, muwerenge zithunzi mpaka pamene pali kansonga ka phokoso. Pa zithunzi 25 pa sekondi chilichonse ndi masekondi 0.04, ndipo muyembekezere 7 kapena 8. Mukapeza 7, nthawi ndi masekondi 0.28 ndipo liwiro likutuluka 357. Mukapeza 8 likutuluka pafupifupi 312. Kusiyana kwakukulu chonchi kukubwera chifukwa chithunzi chimodzi chokha ndi mamita oposa 13 a ulendo wa mawu, ndiye werengani maulendo asanu onse n'kupeza avereji, kapena onjezani mtunda ufike mamita 200 ngati matabwawo akuonekabe. Lembaninso kutentha kwa tsikulo. Liwiro la mawu mumpweya ndi mamita pafupifupi 331 pa sekondi pa 0 °C, ndipo limakwera ndi 0.6 pa digiri iliyonse, moti wa ku Nsanje woyeza masana a Okutobala pa 35 °C ayembekezere 352, pamene wa ku Dedza woyeza m'mawa wa Juni pa 10 °C ayembekezere 337.